Chipinda Chozizira cha ku Burma Valley

Sakubva, Mutare
21 Okutobala 2023

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kumudziko ku Ntcheu, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutitsani. Ife kuno tili moyo, kungoti dzuwa la chaka chino likuwotcha kwambiri. Ndasankha kulemba m'malo moimba foni chifukwa pa foni ndimafulumira, ndipo nkhaniyi ndikufuna muimve yonse mwadongosolo musanaimve kwa wina.

Achimwene anu, amalume a Makaiko, sali ku Burma Valley. Kuyambira Loweruka lapitali akukhala nafe kuno ku Sakubva. Musadzidzimuke, matenda sanakule. Koma sanabwere mwa kufuna kwawo, ndipo chawachotsa kumeneko ndi ntchito ya manja anga.

Mukudziwa kuti ku kampani ya nthochi kuja ndimayang'anira makompyuta. Kuseri kwa shedi yopakira kunali kachipinda kopanda zenera, momwe munali makina akuluakulu osunga zonse za kampani: maoda a ogula, mayina a antchito, makalata a malole. Makina amenewo safuna kutentha, choncho munali zoziziritsira mpweya ziwiri zoyaka usana ndi usiku, ndipo magetsi akathima, monga amachitira masiku ano, jenereta inkalira mpaka abwere. Mu chigwa chonse chija, malo amene sankafunda ndi amenewo okha.

Adokotala atawauza amalume kuti shuga wawo wafika pofuna jakisoni, ndinagula kafiriji kakang'ono n'kukabisa kuseri kwa makinawo. Mankhwala awo a insulini ankakhala mmenemo. M'mawa uliwonse asanapite kumunda ankagogoda, ine n'kuwayezera mankhwala, poti maso awo saonanso timizere ta pa jakisoni. Lachisanu ndisananyamuke kubwera kuno ndinkawadzaziratu a Loweruka ndi Lamulungu, alonda n'kumawatsegulira chitseko. Ankakonda kukhala kaye pa mpando wanga kuti mphepo iwawombe.

"Taison," ankatero, "makina awa ali pabwino kuposa ife. Ine ndabzala nthochi kuyambira usanabadwe, palibe anandipemerera mphepo."

Chaka chatha, mvula yoyamba, mphezi inawotcha imodzi mwa makinawo. Malole anaima pa geti ali odzaza chifukwa makalata ake sankatuluka, ndipo nthochi sizidikira munthu. Zinapsa zili m'makatoni, ogula a ku Harare anakana katundu, ndipo anthu ena aganyu anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba. Ine sindinapeze mtendere kuyambira pamenepo. Kukachita mdima kumapiri a Vumba, ndinkangoganiza za mphezi ndi makinawo. Abwana athu, Mai Muriel, anandiitana n'kundifunsa ngati pali njira ina. Ndinawauza zoona, kuti ilipo.

Njirayo amaitcha kilaudi, kunena kuti mtambo, ngakhale palibe chimene chimapita kumwamba. Zili chonchi, Amayi: m'malo moti kampani iliyonse ikhale ndi makina ake, jenereta yake ndi zoziziritsira zake, pali nyumba zikuluzikulu kutali, zodzaza makina, zimene makampani ambiri amachita lendi pamodzi. Zinthu zanu mumazisunga kumeneko n'kumazitsegula pa intaneti kulikonse muli. Nyumba imodzi ikapsa, zomwezo zimapezekanso mu ina. Zili ngati chigayo cha mudzi wonse, poyerekeza ndi kuti banja lililonse ligule chake n'kumachiliza tsiku lonse pofuna kugaya ndowa imodzi. Makina athu aja ntchito yeniyeni ankagwira nthawi yochepa chabe, koma dizilo ankadya osapuma.

Ndinafufuza mosamala, mukundidziwa mmene ndilili. Ndinafunsa za intaneti ikaduka, za akuba a pa makompyuta, ngakhale za magetsi amene nyumba zikuluzikuluzo zimadya, pakuti nazonso zimadya. Kulikonse kumene ndinayang'ana yankho linali limodzi, kuti kusamuka n'kwabwino. Ndipo zaoneka. Dalaivala amaona oda yake pa foni ali ku msika wa ku Mbare. Makalata amatuluka ngakhale magetsi atathima, chifukwa timakompyuta tating'ono ta mu ofesi tikuyendera sola imodzi ya padenga. Jenereta inazima. Utsi wakuda uja unkapita molunjika ku komboni kulibenso, oyilo wakutha amene ankatsikira mu ngalande ya kumadimba kulibenso, ndipo amayi ena anandiimitsa panjira n'kunena kuti mwana wawo wasiya kutsokomola. Sindinganame kuti ndikudandaula nazo zimenezi. Atandifunsanso lero, ndinganene zomwezo.

Koma pamene ndinkalemba mapulani onsewo, kafiriji kaja kanali pambali pa mwendo wanga. Sindinakaiwale ngakhale tsiku limodzi. Ndinkangodziuza kuti ndipeza njira nthawi isanakwane.

Itakwana, ndinalowa mu ofesi ya Mai Muriel n'kuwauza za kafirijiko.

"Ndimakadziwa, Taison," anatero. "Ukuganiza kuti sindinkawaona asekuru ako a Makaiko akutuluka mmenemo m'mawa uliwonse akumanga mabatani a malaya?"

Ndinapempha kuti tikalumikize ku sola ija. Anati sola ndi yaing'ono, ndipo anali kunena zoona, poti amene anayeza kukula kwake ndine. Kenako anandiuza chimene ndinkachidziwa kale koma ndinkaopa kuchimva: popeza makina kulibenso, palibe chifukwa choti ine ndizikhala ku chigwa. Ntchito yanga tsopano ndi ya mu ofesi ya m'tauni muno. Kumeneko ndizipita mwa apo ndi apo.

"Firiji tikhoza kuipezera njira," anatero. "Nanga wowayezera mankhwala?"

Ndinayesa, Amayi. Ndinaika mtsuko m'kati mwa unzake, pakati mchenga wonyowa, monga anatiphunzitsira anamwino, n'kuikamo choyezera kutentha. Masiku ena unkazizira bwino, masiku ena ayi. Amalume ankandiseka.

"Iwe umayeza chilichonse. Tsiku lina udzayeza ndi mthunzi wako."

Mwina mtsukowo ukanakwanira, sindikudziwa, ndipo kusadziwako n'kumene kumandivuta. Koma za kuyeza mankhwala ndinasowa munthu. Kiliniki ili kutali. Anzawo onse a msinkhu wawo maso ndi omwewo. Achinyamata amabwera nyengo yokolola n'kupita. Ndinaphunzitsa mayi wina woyandikana nawo, wamtima wabwino, koma tsiku lachiwiri anadzaza jakisoni mopitirira, ndipo ndikanapanda kuima pomwepo kalata iyi ikanakhala ina.

Ndiye ndinapita kunyumba kwawo masana a Lamulungu. Ndinawapeza akusenda nzimbe imene saloledwa kudya. Ndinakhala pansi, osati pa mpando, n'kuwauza kuti ndikupempha asamukire kwathu.

"Ukupempha kapena wagamula kale?"

"Ndikupempha, amalume."

"Pamene bambo ako anamwalira, anakupititsa ku koleji ndani?"

"Ndinu."

"Pa ukwati wako ndi mwana wa Chishona uja, anakhala kutsogolo ndani, mpaka mawondo kuwawa ndi kuwomba m'manja?"

"Ndinu, amalume."

"Mwini mbumba ndine. Amene amauza anthu kokhala ndine. Lero mphwanga akundinyamula ngati katoni ya nthochi." Analavula zotsalira za nzimbe. "Nthawi ija mafamu ankalandidwa, anzathu anabalalika, ena ku Mozambique, ena kwanu kwa amayi ako. Ine sindinasunthe. Azungu anapita, eni atsopano anabwera, ine ndili pompano. Ndiye chondichotsa chikhale kompyuta?"

Ndinangoti ndikuopa kudzalandira foni ya uthenga woipa. Nkhuku zinayamba kutola nzimbe pa mapazi awo. Kenako anati, "Vaileti ndimusiya ndi yani?"

Amayi, manda a azakhali a Vaileti ali pomwe munawasiya, kuseri kwa komboni pansi pa mibawa ija. Amalume amawasesa okha. Pa zonse zimene ndinayeza ndi kulemba, izi sindinaziike paliponse.

Sanavomere tsiku limenelo, kapena sabata imeneyo. Anavomera atagwa m'munda, shuga atatsika, anthu n'kuwanyamula pa ngolo ya thirakitala. Atatsitsimuka ananditumizira mawu achidule akuti, "Bwera nayo galimoto yakoyo."

Loweruka ndinapita. Katundu wawo anakwana kumbuyo kwa galimoto, malo n'kutsala. Tisananyamuke anapita kumanda okha, anandikaniza kuwaperekeza. Ndinawaona patali atavula chipewa, akulankhula. Pobwerera anadutsa pa kachipinda kaja, anakankha chitseko n'kusuzumira. Munali mopanda kanthu, motentha ngati mu uvuni, ndipo wina anali ataikamo kale matumba a feteleza. Anatseka bwinobwino n'kukwera galimoto. Njira yonse yokwera phiri sanayang'ane kumbuyo.

Kuno tawapatsa chipinda cha mdzukulu wanu Tinevimbo, iye akugona ndi mng'ono wake Chiedza. Firiji yathu ili ndi batire, mankhwala ali bwino. Mkazi wanga Vongai akuwaphikira monga anauzira adokotala, ndipo amadya osadandaula, chimene kwa amalume si chizindikiro chabwino. Ana amawakonda koma Chichewa chawo mukuchidziwa, amayamba bwino n'kutsetserekera ku Chishona, amalume n'kungogwedeza mutu. Ndinawatengera kwa madala a kwathu amene amasewera bawo pafupi ndi msika. Anaonerera pang'ono n'kunena kuti phokoso lachuluka.

Chimene ndikupempha kwa inu ndi ichi. Dzulo ndikuwabaya jakisoni anandigwira dzanja n'kunena kuti tsiku lawo likadzafika ndisadzawaike kuno m'tauni, ndidzawabwezere pambali pa akazi awo. Ndawalonjeza. Koma malo aja si athu, ndipo amene adzakhale akulamulira famu nthawi imeneyo sindikumudziwa. Lolemba ndikukayamba kufunsa. Ndikufuna inunso mulidziwe lonjezoli, kuti ngati ine ndidzafooke kapena abale adzanene kuti n'kutali, pakhale wina wondikumbutsa. Muwaimbirenso foni. Inu akhoza kukuuzani zimene ine sangandiuze. Ngati mukuona kuti ndalakwa, mundiuze ine, osati iwo.

Vongai akupereka moni wambiri, akuti nsalu ija anaisoka ndipo amavala ku tchalitchi. Tinevimbo ndi Chiedza akuti agogo abwere pa Khirisimasi. Mundiperekere moni kwa achemwali a Joice ndi ana, ndi onse a pakhomo.

Ndisanatseke kalatayi ndinapita pa khonde pomwe amalume akhala, n'kuwafunsa ngati ali ndi mawu opita kwa mlongo wawo. Akuti ndikuuzeni kuti akudya, akugona, ndipo mwana wanu ali ndi dzanja lopepuka pa jakisoni. Ndinadikira kuti mwina awonjezera. Anati, "Basi, lemba zomwezo."

Ndalemba zomwezo.

Ine mwana wanu,
Taison