Mchere wa Dailes

Komboni ya Njanji,
Broken Hill,
Ogasiti 1958

Okondedwa achimwene a Wilbroad,

Landirani moni wanga. Kodi muli bwanji kumeneko, inu ndi alamu ndi ana? Nanga amayi, mwendo uja unaleka kutupa? Ife kuno tilipo, Mulungu akutisunga. Alamu anu anabwerera ku ntchito yawo ya panjanji, ndipo thupi labwereramo, moti buluku lija linkavuka lokha tsopano likuwathina.

Kuno ndi mphepo ndi fumbi basi. Pampopi timalimbirana madzi ngati nkhuku pa madeya. Makala anga akumachepa okha m'thumba, ndipo amene akutapayo ndikumudziwa, chifukwa masiku ano moni wake watalika kwambiri.

Koma chandilembetsa kalata si makala. Sabata yatha kunabwera mayi wina wa ku Kapata, wogulitsa mtedza pamsika wa Fort Jameson, kudzaona mwana wake. Anandiuza kuti Benson wathu anabwerako ku migodi ya kummwera ndi chifuwa, kuti waonda n'kutsala mafupa, ndiponso kuti mkazi wake Dailes munamubweza kwawo. Poyamba sindinakhulupirire, popeza mayiyo amalankhula osapuma. Ndinamufunsanso tsiku lina kuti ndione ngati nkhani isinthe, koma sinasinthe. Mtima wanga unawawa, achimwene. Inu m'kalata yanu ya mwezi wa Juni munandiuza za thonje ndi mbuzi, za mng'ono wanu munangoti ziii.

Akuti anayambitsa nkhani ndi azakhali. Iwo ndiwo ananena kuti Dailes anayenda ndi mwamuna wina Benson ali ku migodi, ndiye atabwera anamuthirira mchere m'ndiwo n'kumudula. Akuti Dailesyo munamukhazika pansi kuti aulule, iye n'kumangolira, kukana mpaka dzuwa kupendeka. Ine za mdulo sindikutsutsa, ndinakula nazo ngati inu, ndipo mpaka lero masiku ena mchere ndimatuma wina kuti athire. Koma ndili ndi mafunso, ndipo mukudziwa kuti ine funso sindigona nalo.

Mwamunayo ndani? Mudzi wathu ndi waung'ono, munthu akaba chinangwa chimodzi amadziwika dzuwa lisanalowe. Zingatheke bwanji kuti mwamuna wathunthu azilowa m'nyumba ya Benson, dzina lake osamveka? Komanso musaiwale kuti azakhali ali ndi Elesi wawo pakhomo, ndipo kuyambira kale ankafuna kuti Benson akwatire msuweni wakeyo. Tsiku limene tinakatenga Dailes chitengwa, azakhali anadwala mutu osabwera. Ine sindinaiwale.

Mayi wa ku Kapata uja anamuona Benson ndi maso ake tsiku limene anatsika lole pa Boma. Akuti jekete linkangolendewera pamapewa, ndipo anakhala pa sutikesi yake nthawi yaitali akutsokomola asananyamuke. Pamenepo n'kuti asanalawe ndiwo za Dailes. Kodi mchere umenewu unamutsatira mpaka ku migodi? Ndipo Dailes anachoka nthawi yokolola. Chichokereni iye, Benson akudya mchere wa amayi ake omubala, mankhwala a mdulo anamwa, koma chifuwa chikungokulirakulira. Tsopano mupitikitsa ndani?

Zimene ndamva zikufanana kwambiri ndi mmene anayambira alamu anu chaka chatha. Chifuwa sichinkamva chilichonse, masabata n'kumapita. Madzulo thupi linkatentha, m'mawa ndinkapeza mphasa ndi bulangeti zitanyowa ndi thukuta ngakhale m'nyengo yozizira. Chakudya ankangochigwiragwira. Akayenda pang'ono, befu. Kenako tsiku lina ndinaona magazi m'makhololo, pa kansalu kamene ankandibisira. Pitani mukaone kumene Benson amalavulira, achimwene. Musamufunse, akunamizani. Mukaone nokha.

Ndikudziwa zimene anthu akunena kumeneko za zipatala, pakuti kunonso zikunenedwa: kuti jakisoni wa masiku ano ndi wa boma la Chitaganya, wofuna kuti anthu akuda tisabereke, ndiponso kuti amene wagonekedwa amamupopa magazi. Ine ndinali woyamba kukayika. Alamu anu atagonekedwa ndinkapita tsiku lililonse, maso ali tcheru. Mapiritsi ndinkawanunkhiza. Ndinavutitsa wothandiza dokotala wina, Mnyanja mnzathu, ndi mafunso mpaka ankathawa akandiona pakhomo.

Zimene ndinaona ndi izi. Dokotala anawamvetsera pachifuwa ndi kumsana ndi chomvera chake chija, n'kumagogoda ndi zala ngati munthu wosankha dzungu. Anawapatsa kabotolo koti alavuliremo m'mawa, ndipo makhololowo anakawayeza n'kupezamo tizilombo. Anawajambulanso m'chifuwa, ndipo pachithunzipo panali mthunzi pamwamba pa phapo limodzi. Anati si chibayo, chifukwa chibayo chimagwetsa munthu msanga, ndipo si mphumu, imene imaliza mluzu n'kuleka. Anati ndi chifuwa chachikulu, chimene chimadya munthu pang'onopang'ono ndipo chimapatsirana pakutsokomola, makamaka kwa ogona nyumba imodzi. Nanenso anandiyeza, koma anandipeza ndilibe.

Mankhwala ake ndi ozunza, sindikunamizani. Jakisoni wa tsiku ndi tsiku mpaka matako kuuma, nthawi zina chizungulire ndi kulira m'makutu. Mapiritsi ake ndi odzaza dzanja, oipa kukamwa, ndipo alamu anu akumwabe mpaka lero ngakhale akugwira ntchito. Bambo wina amene anagona nawo pafupi anathawa atangoona kuti wayamba kunenepa, n'kuleka mankhwala. Tinakamuika m'manda mvula isanathe. Koma amene anapirira anatuluka ndi miyendo yawo, ndipo magazi a munthu aliyense sindinaone akupopedwa.

Pali chinanso chimene chikundidya mumtima. Kuno kuli amuna ambiri amene anagwirako ku migodi, ndipo onse amati kumeneko munthu sabwezedwa popanda kupimidwa. Benson anachoka nthawi yake isanakwane. Ine ndikuganiza kuti anamujambula, anamuuza chimene apeza, ndipo mwina anamuuzanso kuti akafika kwawo akaonekere kuchipatala. Ndikumudziwa mlongo wangayo. Kuyambira ali mwana ankathawira kuthengo akamva kuti kwabwera otemera nthomba. Ndikukhulupirira kuti akudziwa bwino dzina la matenda ake, koma analola kuti mkazi wake asenze mlandu, chifukwa mdulo amachiza pakhomo pomwe chifuwa chachikulu chimafuna kugonekedwa. Ngati ndikumunamizira, Mulungu andikhululukire. Koma mumufunse muli awiriwiri, azakhali kulibe, ndipo muzimuyang'ana m'maso.

Pempho langa ndi limodzi. Mutengeni Benson mupite naye kuchipatala cha pa Boma sabata yomwe mulandire kalatayi. Ngati sangathe kukhala panjinga, pemphani ngolo. Musadikire kugulitsa thonje, musadikirenso msonkhano wa abale, chifukwa pamsonkhanopo adzalankhula ndi omwe aja. Mukanene kuti anali ku migodi ndipo ayeze makhololo. Amayi nawonso awaone, popeza ndiwo akumusamalira m'kanyumba kopanda zenera kaja, ndipo Dailes atumiziridwe mawu kuti akapimidwe. Ndikudziwa kuti azakhali adzakunenani kuti mukunyoza akuluakulu, koma bambo kulibe, ndipo mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mukakana, mundiuze mosabisa, ndipemphe chilolezo kwa alamu anu ndikwere basi ndidzamuone akadali wotha kundizindikira. Chimene sindifuna ndi kuitanidwa ndi telegalamu.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti nsalu yawo ndidzabwera nayo ndekha. Moni kwa alamu ndi ana onse, kwa amalume ndi akunyumba kwawo. Azakhali ndi Elesi muwapatsenso moni, ndipo ngati afuna kudziwa zimene ndalemba, muwawerengere zonse osadumpha. Moni wapadera upite kwa Dailes kumudzi kwawo. Kwa ine akadali mlamu wanga, ndipo tsiku limene dokotala adzatchule matendawa, pakhale munthu wa kwathu wokagwada pakhomo pa amayi ake.

Benson mumuuze kuti sindinamukwiyire. Ndikudziwa kuti akuopa. Nanenso ndikuopa, koma ine ndikuopa manda, osati jakisoni.

Tsalani ndi Mulungu.

Ndine mlongo wanu,
Dolika