Laputopu ya Atate mu Filiji

Okondedwa ba Mutinta,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitwe pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno ku Libuyu tilipo, kungoti miyendo ya amai yayambanso kutupa.

Laputopu ija anasiya malemu atate yafa. Chiyambire kutentha kwa Okutobala inkangozima yokha, fani ikulira ngati chigayo. Nditaitsegula ndinachotsa fumbi, ndipo ndinapeza kuti phala loziziritsa purosesa, ubongo wa laputopu, lauma gwa. Yunivesite sindinamalize, monga achibale amakonda kukumbutsana pamaliro, koma izi ndimazidziwa. Ndinaitseka n'kupita ku tauni kukagula phala lina.

Pobwera ndinapeza amai ataifungatira pamiyendo, ikudontha madzi. Anali ataiika mufiliji pakati pa maaisi awo ogulitsa, kenako n'kuiyatsa kuti amve atate akuimba nyimbo zawo za kwaya. "Inali moto, mwanangu, ndimati izizireko," anatero. Madzi analowa ponseponse. Disiki yake yosungira zinthu ndaiyesa pa makina ena, ikungoti tiki tiki osatseguka. Mavidiyo onse a atate anali mmenemo.

Pakamwa panga mumapadziwa, koma sindinawakalipire. Ndawauza kuti ndikudikira kachitsulo kochokera ku Lusaka. M'mawa uliwonse amandifunsa, "Atate ako ayimba liti?"

Chonde fufuzani mufoni yanu yakale. Ngati muli mawu a atate, ngakhale moni chabe, ngakhale akungotsokomola, munditumizire. Amai musawauze kanthu.

Mulungu akusungeni nonse.

Ine mlongo wanu,
Choolwe