Laputopu ya ba Edna Yabwera Yopanda Kanthu

Lolemba, 9 Juni

Kuzizira. Fumbi. Laputopu ya pashopu yafika poipa. Ndinaiyatsa m'mawa, ndinasesa, ndinatunga madzi, ndinapukuta makina a fotokope. Pobwera, ikadali kuganiza. Kalata imodzi yofunsira ntchito, ola lathunthu, mwini wake ali chilili kumbuyo kwanga.

Ba Edna, eni shopu, alandira ntchito ya pachibale: makhadi oitanira anthu ku kicheni pati ya Petronella, mwana wa mkulu wawo amene akukwatiwa. Akufunika Loweruka m'mawa. Mawa akundituma ku Kamwala kwa ba Rodgers okonza makompyuta. Anati: "Elesi, maso pa manja yake. Aba bantu bamachosamo vabwino, baikamo vakufa."

Ndiye mawa ndine mlonda. Ndagula kabuku katsopano ndi bolopeni.

Lachiwiri, 10 Juni

Maola anayi pa kireti ya zakumwa. Kumimba kwa laputopu sanatseguleko, ndinaona ndi maso anga.

Ba Rodgers amalankhula msanga. Akuti makina athu ndi nkhalamba, tikuisenzetsa katundu wa mnyamata. Akuti ilipo pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, Linux ina yaing'ono imene imabwera yopanda zambiri, mwini amaikamo yekha zimene akufuna. Anakopera mafayilo athu pa fulashi. Kenako funso: "Nifafanize vonse, sisi?"

Pa benchi amuna atatu, onse maso pa ine. Ndimafuna kunena kuti ndiyambe ndafunsa ba Edna. Mawu anakana. Mutu unagwedezeka wokha.

Anandionetsa kaikidwe ka pulogalamu imodzi, ya intaneti. Ndalemba zonse, osasiya kanthu. Aika laputopu pa zitsekero ziwiri za botolo. Atsegula kawindo kakuda. Alemba sudo apt install, kenako dzina la pulogalamu. Alemba pasiwedi, sioneka, iwo osadandaula. Atsonya. Atuluka kukagula vitumbuwa. Abwera, zatheka.

Maina a mapulogalamu ena andilembera pa kachidutswa ka katoni. Ndakasunga m'Baibulo.

Lachitatu, 11 Juni

Ba Edna anaiyatsa okha. Inayaka asanakhazikike pampando. Koma m'kati mbee! Chithunzi cha mdzukulu wawo palibe. Timabokosi tonse tija palibe. Mtundu wa phulusa ndi kamzere pansi, basi. Anaitembenuza, anaigwedeza pafupi ndi khutu.

"Bakuba uli pamenepo! Unali kutamba chani, nsapato zake?"

Akuti makhadi akapanda kutuluka Loweruka, ba Rodgers akagona kupolisi, ine ndibwerere kwa amayi ku Kanyama kukagulitsa tomato. Tomato amafuna kukuwa pamsewu. Ine ndingafe tsiku loyamba.

Za mutu wanga sindinanene. Ba Rodgers sanabe kanthu. Ndikudziwa ine ndi Mulungu, ndi amuna atatu a pa benchi.

Lachinayi, 12 Juni

Ba Edna ku msonkhano wa komiti ya pati tsiku lonse. Shopu ndekha. Intaneti ya pafoni yanga.

Ndinatsegula kabuku. Zitsekero ziwiri. Kawindo kakuda. Chilembo chimodzichimodzi. Pasiwedi yosaoneka, koma kabuku kakuti osadandaula. Kutsonya ndiye kunandivuta, amayi anatiletsa tili ana. Ndinatseka chitseko, ndinatsonya pang'ono, ndinapepesa. Ndinapita pakona kwa ba Mwiche kukagula vitumbuwa.

Pobwera, pulogalamu yolembera ilimo! Ndaiika ine. Ine amene ndinalekera giredi seveni. Ndinakhala pansi pa simenti.

Ya zithunzi, chimodzimodzi. Ya zilembo zokongola, chimodzimodzi. Maulendo asanu kwa ba Mwiche. Ulendo wachinayi anandiyang'ana pamimba: "Iwe, pali nkhani?"

Kamodzi ndinachita ulesi wokagula vitumbuwa, ndinangoima panja nkumasuzumira pawindo. Nthawi yomweyo malaiti thii. Batire ya laputopu inafa kalekale, ndiye ndinadikira maola awiri nkuyambanso. Ndaphunzira. Za m'kabuku sadumpha.

Lachisanu, 13 Juni

Makhadi ndawalemba. Maluwa apinki m'mbali. Dzina la Petronella ndalibwereza kasanu ndi kawiri. Koma printa sikumva. Ku Kamwala printa kunalibe, ndiye m'kabuku mulibe. Ndatsonya. Ndagula vitumbuwa. Ndatsonya kwambiri. Zii.

M'dirowa vitumbuwa vadzaza, mafuta alowa m'maenvulopu.

Masana ba Edna anamanga chitenje molimba, chikwama m'khwapa, akuti ayambira kupolisi. Ndinapezeka ndaima pakhomo, manja uku ndi uku. Sindidziwa mawu anachokera kuti. Ndinati ba Rodgers sanabe, anafunsa, ndinavomera ndine, ndi mutu. Ndinanena zonse maso ali pa masilipasi awo.

Anaika chikwama patebulo. Kenako: "Kanshi uli na mau?"

Anaimbira ba Rodgers foni, nkundipatsa ine. Ndalankhula ndi mwamuna pafoni mphindi zisanu ndi zitatu. Anandiuza dzina la kapulogalamu ka printa, chilembo ndi chilembo, ndinalemba. Pomaliza ndinafunsa chimene chimandivuta: kodi vitumbuwa va kuno ku Chawama vikukwanira, kapena mpaka va ku Kamwala?

Anaseka mpaka kutsokomola. Ndinamva akufotokozera a pa benchi, nawonso phwaa. Akuti zitsekero ndi zoona, zimapititsa mphepo pansi kuti makina asatenthe. Kutsonya ndi chizolowezi chawo. Vitumbuwa inali njala chabe, pulogalamu imalowa yokha munthu ukhale usakhale.

Nkhope moto. Ba Edna anamva zonse, foni inali pa mawu okweza. Anatsegula dirowa, anatseka, anatsegulanso.

Printa inalira 16 awazi, 4 koloko madzulo. Khadi loyamba ndinaligwira ndi manja awiri.

Loweruka, 14 Juni

Makhadi atengedwa. Palibe cholakwika ngakhale chimodzi. Ba Edna sananene pepani, sananenenso za tomato. Adya vitumbuwa vinayi va dzana, ndi tiyi. Akuti: "Ka kompyuta aka kathamanga monga kondakita aona pasenja." Chithunzi cha mdzukulu ndachibwezera pagalasi. Analira pang'ono, akuti ndi fumbi.

Ba Mwiche afunsa chifukwa chake lero sindinabwere.

Lachinayi, 26 Juni

Masiku ambiri osalemba. Kabuku kanadzaza, aka ndi kachiwiri. Ndinabwerera ku Kamwala kawiri, ba Edna anandituma kuti ndiphunzire zotsala. A pa benchi amanditchula ba Vitumbuwa. Ndimawapatsa moni maso ali pansi, koma ndimawapatsa.

Ba Edna alengeza Chawama yonse kuti mtsikana wawo amadzutsa makompyuta akufa. Lero abusa a tchalitchi cha kuseri kwa msika abweretsa yawo, yokalamba kuposa yathu, yomanga ndi mphira. Ndakopera maulaliki awo onse pa fulashi. Ndatsegula kuona ngati alimodi. Ndaonanso. Zitsekero ziwiri pansi.

Kenako funso lija, ndinalifunsa ine: nifafanize vonse? Abusa anali pafoni ndi akazi awo. Anagwedeza mutu.

Ndinachotsa manja pamakina, ndinawapinda pamiyendo. Ndinadikira mpaka anandiyang'ana.

"Abusa, muyankhe na pakamwa."