Mkonono wa Abambo

Matandani, Neno
14 Julaye 2024

Okondedwa achimwene a Herbert,

Ndikhulupirira muli bwino ku Lilongweko. Mukhululuke kalembedwe kangaka.

Abambo agonekedwa kuchipatala ku Boma. Ali moyo, akudya ndithu. Miyendo inatupa, ndipo ankapuma movutikira ngakhale pongotsikira kudimba. Adokotala akuti mtima watopa. Koma chimene chandiopsa kwambiri ndi chomwe chautopetsacho. Achimwene, akuti mbali yaikulu ndi mkonono. Mkonono womwe uja tinkaunyadira kuti umathamangitsa akuba mbatatesi, umene pamaliro azibambo anzawo amakokera mphasa kutali pouthawa.

Tikudikira pabenchi kuti awayeze kuthamanga kwa magazi, abambo anagona masanasana n'kuyamba kuliza mkonono monga mwa nthawi zonse. Anthu anatembenuka, ine manyazi. Kenaka anangoti zii, mumtima n'kuti zikomo Ambuye. Adokotala ena amene ankadutsa anaima, n'kundiuza kuti ndiike dzanja pamphuno pawo. Kunalibe mpweya. Ndinadikira, ndinadikira, mpaka anadzidzimuka ngati munthu wotsamwa, n'kupitiriza tulo osadziwa kanthu. Akuti kukhosi kumatsekeka akagona, magazi amaperewera mpweya, ndiye mtima wakhala ukulimbana nazo zimenezi zaka zonsezi ife tikuseka.

Amayi atamva anangokhala pansi. Paja anasamukira kuchipinda changa kalekale pothawa phokosolo. Anati, "Ine ndinkapemphera kuti akhale chete ndigoneko. Kani akati chete amakhala akupita?" Panopa ayala mphasa pafupi ndi bedi lawo m'chipatalamo, ndipo akuti mtima umakhala m'malo akamva mkononowo.

Tsopano ndinene za inu. Abambo amadzitama kuti mwa ana awo onse, amene anatengera mkonono ndinu. Pa ukwati wa m'bale wathu Dailesi munagonera pampando abusa asanafike n'komwe pakati pa ulaliki, tonse tinagwira m'mimba ndi phwete. Lero ndikakumbukira ndikuchita mantha. Chonde pitani mukayezetse, ndipo musandiyankhe zoti ntchito yachuluka. Mtima umodzi wotopa watikwana pabanja pano.

Mupereke moni kwa ana. Alamu a Modesta muwauze kuti ndawagwira mwendo: ngati nawonso anasamuka kuchipinda, abwerere. Phokosolo apirire nalo. Koma mukangoti zii, akugwedezeni.

Ndine mlongo wanu,
Tikondane