Zithunzi za mwana wanga zikuthawira kuchipinda cha malemu

Agogo,

Ndithandizeni msanga chonde, chifukwa Loweruka likubwerali ndikufuna kuchita chinthu chimene mwina sichingabwezeke. Sukulu ndinalekezera kupulayimale, ndiye zolakwika mungokonza, koma nkhaniyi muimve.

Ndine mayi wachitsikana, ndili ndi mwana mmodzi wamkazi, pano wayamba kukwawa. Amuna anga amayendetsa malole, amatha milungu ali pamsewu. Mkazi wawo woyamba anamwalira pobereka, mwanayonso sanapulumuke. Mayiwo sindinawaonepo ndi maso, koma ndimakhala pakati pa zinthu zawo. Makatani ndi awo, kabati ndi yawo, foni imene ndili nayo inali yawo, amuna anga anangosintha nambala. Kompyuta imene ili pakona pabalaza, pakatebulo kogwedera, inalinso yawo. Anali mphunzitsi, ankalemberapo mayeso a ana.

Ine kompyutayo ndimangoidziwa poika nyimbo ndi makatuni kuti mwana atonthole ndikamachapa. Amuna anga anandionetsa kuti m'kati mwake muli ngati nyumba yogawa zipinda. Pali chipinda cha C, kamzere kake koonetsa kudzaza ndi kofiira, tsiku ndi tsiku chimadandaula kuti malo atha. Pali cha D cha amuna anga, mafilimu okhaokha. Pali kena kakang'ono kopanda dzina, palibe akudziwa ntchito yake. Ndiye pali cha E, cholembedwa dzina la malemuwo. Anandiuza kuti, "Kwinaku uzilowa mmene wafunira, koma umu ayi. Ndikadzapeza mpata ndidzakonzamo ndekha." Mpatawo mpaka lero.

Tchaja yanga itapsa ndinayamba kutchajira foni pakompyutapo ndi chingwe. Ndi pamene zinayambira. Ndijambule mwana m'mawa akuseka, akuyamwa chala chakuphazi, pofika madzulo mufoni mulibe kanthu. Poyamba ndinkati ndi mwanayo amadinadina, ndinayamba kumubisira foniyo. Zithunzi zinkasowabe. Cha tsiku limene dzino loyamba linatuluka chinasowa ndisanawatumizire n'komwe bambo ake.

Kenako ndinaona kuti kamzere ka chipinda cha malemu kakutalika. Lero apa, mawa kasuntha pang'ono. Agogo, munthu anaikidwa kalekale, ndani akulongedza katundu m'chipinda mwake?

Tsiku lina masana mwana atagona, dzuwa lili phwee, ndinalimba mtima ndikutsegula chipinda cha malemucho. M'kati mwake ndi mosesa bwino, chilichonse pamalo pake, mayeso paokha, zaukwati pazokha, nyimbo za kwaya pazokha. Pansi penipeni panali kathumba kolembedwa kuti "Mwana wathu". Ndinadina. Zoyamba zinali zithunzi za tizovala ta khanda, tatandikidwa pabedi pomwe ndimagona inepa. Kenako mimba yawo, akudzijambula pagalasi la kabati, nkhope yabisika ndi foni, foni yomwe ndinali nayo m'manja. Ndiye pansi pa mimbayo, popanda ngakhale kampata, panali mwana wanga. Zonse zimene zinasowa zija zili mmenemo, zandandalikidwa bwinobwino ngati munthu wachita kukhala pansi n'kumaziyala. Ukamaona umangoti mimba ija ndi imene inabala mwanayu.

Ndinakhala pansi pasimenti.

Chinanso, pali chithunzi chimodzi chimene sindinajambule ine. Ndagona pasofa masana, kukamwa yasa, mwana ali pachifuwa panga. Iye sanagone. Wadzutsa mutu, akumwetulira amene akujambulayo. Tsiku limenelo amuna anga anali paulendo. Ndipo masiku ano mwanayu akangomuika pansi amakwawira kukona kuja, kompyuta ili chizimire, n'kukweza manja ngati akuti ndinyamuleni.

Ndinawauza alamu anga, achemwali awo a amuna anga, amene amakhala nyumba yakuseri. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Akuti, "Iwe mlamu, anzako amachita kufunafuna wolera mwana, iwe wapeza waulere, wosadya, wosaba sopo, ukulira chiyani?" Ataona kuti sindikuseka anati, "Komatu mayi uja ankafuna mwana, ndikuuze. Ankachita kulankhula ndi mimba ngati munthu." Atatero anatenga beseni lawo n'kumapita, ine kundisiya nazo.

Amuna anga nditawaimbira anangoti, "Ndinati chiyani za chipinda chimenecho? Ndili pachiwongolero, tikakamba ndikafika." Mawu awo anali ngati a munthu wina.

Ndiye ndinapita kwa wokonza makompyuta amene ali pafupi ndi pokwerera mabasi. Sindinamuuze zonse, ndinangoti zipinda zachuluka, china chadzaza, china sindikuchifuna. Iye akuti, "Zazing'ono zimenezo mayi. Mubwere nayo Loweruka, ndigumule zipupa zonse, ndifomate, ndifufute zonse zili m'menemo, chikhale chipinda chimodzi chachikulu. Ine ndikasesa sipatsala ndi fumbi lomwe."

Amuna anga afika sabata yamawa. Ndikuganiza zongoinyamula asanabwere, akadzafunsa ndidzati inagwidwa ndi vayilasi. Sindikudana nawo malemuwo Agogo, sanandilakwire. Koma akutenga zithunzi lero, mawa adzatenga chiyani? Ndiinyamule kapena ayi?

Ine wothedwa nzeru,
T.N., wa kumapeto kwa tauni

Mdzukulu wanga T.N.,

Usainyamule. Khala kaye pansi, umwe madzi, undimvere.

Kompyuta ndi wantchito womvera kwambiri, koma wopanda nzeru zakezake. Mayi uja ali woyembekezera anaiuza kuti foni iyi ikangolumikizidwa, izitenga zithunzi zonse, iziika m'kathumba ka mwana, n'kufufuta mufonimo kuti musadzaze. Ndi dongosolo limene anthu ambiri osamala amaika. Iye anapita, koma palibe amene anaiuza kompyutayo za maliro. Iwe unabwera ndi foni yomwe ija, wantchitoyo anaizindikira n'kupitiriza ntchito imene anatumidwa. Kusintha nambala sikusintha foni. N'chifukwa chake zinayamba tchaja itapsa, osati kale.

Choncho choyamba kagule tchaja ya pakhoma, chingwecho uchizule. Ujambule mwana, udikire mawa, uone ngati chisowe. Ukadzionera wekha mtima ukhala pansi kuposa mmene ndingakuuzire ine.

Ukatero upeze fulashi yatsopano ya malo ambiri, kachipangizo kosungiramo zinthu za pakompyuta, ukopere zithunzi zonse za mwana wako. Ndati kukopera, osati kusamutsa, za m'kompyutamo zikhale momwemo. Upite nayo fulashiyo pakompyuta ina, utsegule zithunzizo ndi maso ako. Chinthu chimene chili pamalo amodzi okha sichinasungidwe, changoikidwa. Za malemu nazonso zidzafunika fulashi yakeyake, koma ntchito imeneyo si yako, ndi ya amuna ako.

Za kudandaula kwa C, sizifuna kugumula nyumba. Makatuni ndi nyimbo zako mwina zonse zimagwera mmenemo. Uzisamutsire ku D, ndipo bamboyo akabwera asankhe mafilimu amene anawaonera kale awataye. Kachipinda kopanda dzina kaja ukasiye. Kawirikawiri ndi kamene kompyuta imadzukira kapena kudzichiritsira ikadwala, ukakachotsa mwina siyakanso. Ngati mudzafunebe kuphatikiza zipinda kapena kukulitsa C, n'zotheka, koma mupite awiri, zonse zitakoperedwa kale kwina. Wokonza wabwino amayamba wafunsa kuti, "Muli chiyani umu, munasunga pena?" Wako uja sanafunse. Dongosolo lofufuta zithunzi mufoni lija angathe kulizimitsa osagumula kanthu.

Tsopano za amuna ako. Munthu amene amati "ndidzakonza ndekha" koma osakonza, si ulesi ayi, akuopa kutsegula. Ndikukayika ngati analowamonso m'chipinda cha malemuwo chichokereni kumanda. Akafika usawalandire ndi nkhaniyi pakhomo. Asambe, adye, apume, kenako uwauze zoona, kuti unatsegula chifukwa cha mantha, ndipo uwaonetse. Mwina akalipa, mwina alira. Zonsezo zimapola. Chimene sichipola ndi kupeza nkhope ya mkazi wawo ndi zaukwati wawo zafufutidwa iwo ali pamsewu, n'kuwonjezerapo bodza la vayilasi. Wokonzayo ali pokwerera mabasi, amuna ako ndi dalaivala, ukuganiza kuti sadzakumana?

Mwana kukweza manja pakona paja kusakusowetse tulo. Galasi la kompyuta yozima limaonetsa nkhope, akudziona yekha, komanso ndi pamene pamachokera makatuni ake. Chithunzi cha pasofa chija sindikunamiza kuti ndikudziwa. Kompyuta imanyamula zithunzi, sijambula. Pali dzanja limene linagwira foniyo, ndipo khanda limamwetulira nkhope imene limaidziwa. Uyambe ndi alamu ako okonda nthabwalawo, uwafunse muli awiri, osaseka. Akavomera, uwauze kuti masewera otere sachitira mayi woyamwitsa. Akakana, uwauze amuna ako, ndipo masana pogona uzikhoma chitseko. Mantha akapitirira, itana mbale wako adzakhale nawe mpaka bamboyo abwere, ndipo kupemphera sikuletsedwa.

Koma Loweruka ukhale pakhomo. Wokonzayo sanakunamize, akasesa sipatsaladi fumbi. Mufoni mwako mulibe chithunzi ndi chimodzi chomwe, zonse za mwana wako zili m'chipinda chimene ukufuna kugumulacho. Panopa amene akukusungira nkhope ya mwana wako ndi mayi yemwe ukumuopayo. Ukamuthamangitsa usanakopere, apita naye.

Agogo ako