Kabuku ka Nsomba ka Amayi a ku Chanyanya

Lolemba, 2 Juni

Andisankha ine. Ba Winfrida, mkulu wa amayi ku tchalitchi, akuti Loweruka ndiyambe kuphunzitsa kuwerenga amayi asanu ndi awiri ogulitsa nsomba za ku Chanyanya, iwonso ali momwemo. Chifukwa ndili ndi foni ya intaneti, basi. Ine Lilly wolekezera Giredi 7, amene ngakhale pakwaya ndimabisala kumbuyo. Mabuku palibe. Amayiwo akagwa ulesi, kalasi yathera pomwepo. Ndinangovomera, maso pansi.

Lachitatu, 4 Juni

Ku saluni komwe ndimagwira ntchito makasitomala awiri okha. Tsiku lonse kusakasaka pafoni. Zambiri n'zachizungu. Zina akuti zaulere, ukadina akufuna nambala yako. Melody, msuweni wanga wa ku koleji ya aphunzitsi, anandilangiza: ona amene analemba, ona chaka, ndipo pansi pa tsamba upeze mawu oti n'zololedwa kusindikiza ndi kusintha. Ndapeza timabuku titatu ta Chinyanja, zithunzi zokongola. Ndinavina ndekha kuseri kwa chitseko.

Loweruka, 7 Juni

Manyazi. Timabuku tija n'ta ana. Nkhani ya kamwana kotaya nsapato. Ba Winfrida anati, "Iwe Lilly, ine nili na adzukulu, uniwerengetse za nsapato ya kamwana?" Kuseka konse. Awiri anachoka tisanamalize. Mawu anga sanafike ngakhale pa benchi yachiwiri.

Ndinaona wolemba, ndinaona chaka. Sindinadzifunse kuti owerengawo ndani.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndapeza kena. Kasamalidwe ka nsomba. Masamba asanu ndi atatu, zilembo zikuluzikulu, olemba ndi bungwe lina la asodzi ku Malawi. Mawu a chilolezo alipo. Koma ine nsomba ndimangodziwa kudya. Ngati zolembedwamo n'zoona, kaya.

Loweruka, 14 Juni

Anabwera asanu. Ndinagawa mapepala amene ndinasindikiza. Ba Winfrida chala pa mzere, pang'onopang'ono, mpaka anamaliza mawu oti yanikani nsomba padzuwa. Kenaka pepala pa benchi, phwa. "Boza ili! Mpende uyanike padzuwa, ntchentche zikusiyire chani? Ise tiwamba pa utsi."

Kani kabukuko kamanena za tinsomba ting'onoting'ono ta m'nyanja, osati nsomba zikuluzikulu ngati mpende zathu za mu mtsinje wa Kafue.

Ndinkati kwatha. Ayi. Aliyense anafuna kugwira bodza lakelake. Kulimbirana mapepala, kuthandizana zilembo, mpaka tsamba lachinayi. Ba Winfrida sanazindikire n'komwe kuti awerenga mzere wathunthu okha.

Ndiye ndinaimirira. Ndinati kabukuka n'kololedwa kusintha, tilembemo zathu. Anamva mpaka wa kumbuyo.

Loweruka, 21 Juni

Asanu ndi anayi. Awiri aja abwerera, wina wadza ndi mlamu wake, wina ndi mnzake wa pamsika. Iwo akunena, ine ndikulemba pafoni, kenaka akuwerenga kuti aone ngati sindinawanamizire. Mkangano wa nkhuni zabwino zowambira unatenga theka la ola. Melody akuti dzina la olemba oyamba lisachoke, athu abwere pansi pake. Ba Winfrida lawo alemba okha papepala, lilime kunja, osafuna wowagwira dzanja.

Akuti amayi a ku Shimabala amva, akufuna kabuku ka tomato. Ndiyambe kusaka Lolemba.

Ndafika kunyumba mawu atasasa. Amama anandifunsa ngati ndi chimfine. Ine kusasa mawu chifukwa cholankhula!