Nyumba ya Makomo Awiri

Lolemba, 3 Okutobala 1988

Kutentha. Ngakhale abuluzi abisala. Bwana wandikumbutsa, akumwetulira, kuti Disembala akatha ndikupuma pa ntchito, ndipo nyumba ya bomayi ikufuna wina. Ngati ndingaiwale! Zaka zonsezi ukalaliki, iwe Kalisto, wapata chiyani? Puloti ya maziko ndi zitsamba, basi. Ku Dedza kulibe kobwerera, munda adagawana ana a mlongo wanga.

Ngongole ya nyumba ku Sosayite ya ku Blantyre ija, zii. Mphunzitsi wamkulu a Sosayitewo adamukana. Sajeni wa polisi adamukana. Akuti chaka chino akuvomera mmodzimmodzi, simenti yakwera, kwacha yagwa. Pa wayilesi ndiye akuti tonse tikugona m'nyumba zosadontha. Yanga sidonthadi, ilibe denga. Izi ndalemba ndi pensulo, kuti ndithe kufufuta.

Lachisanu, 7 Okutobala

Woyendera wa Sosayite abwera pa 18. Lamulo latsopano: makoma akhale atadutsa mawindo, iwo angopereka ya denga. Anga akulekeza m'mawondo mwa mbuzi.

Puloti yoyandikana ndi yanga ndi ya Che Bakali, amene amapititsa usipa wouma ku Limbe. Makoma athunthu, njerwa zootcha, kwangotsala malata. Sanabwerekepo kwa munthu, akuti chiwongoladzanja ndi haramu. Zikhomo za malire ana adazula kalekale. Maganizo oipa amabwera ndi kutentha.

Lachitatu, 12 Okutobala

Ndawapempha Che Bakali andibwereke nyumba tsiku limodzi. Anaseka mpaka kofia kugwa. "Anthu amabwereka njinga, Che Kalisto. Nyumba?" Kenako: "Tengani. Koma bodza lanulo ine sindisenza nawo, ndikakhala ku Nkope tsiku limenelo."

Janeth sindinamuuze. Mkazi wanga amakalapa kwa bambo mfumu ngakhale akaponda nyerere.

Lachiwiri, 18 Okutobala

Woyendera uja ndi a Ellard. Suti yakuda pa dzuwa la Mangochi, baji ya chipani pachifuwa, tepi m'manja. Anayamba aona khadi langa la chipani asanaone khoma. Ndinawagulira chambo chachikulu, mutu anadya okha. Anayeza, anagogoda njerwa, akugwedeza mutu mokondwa. Mtima wanga m'malo. Kenako anakaima kumaso kwa nyumba.

Makomo awiri. Ofanana ndendende. Mbali iliyonse chipinda chake, pabalaza pake, khitchini yake kuseri. Miyezi yonseyi ndadutsa pamenepo osaganiza kanthu, mutu wanga uli pa malata! Che Bakali ali ndi akazi awiri, mayi Awa ndi mayi Ajira, ndipo chipembedzo chawo chimati chimene wapatsa uyu upatsenso uyo, mpaka zenera.

A Ellard: "Iyi ndi ya lendi, bambo. Za lendi tidasiya kupereka."

Pakamwa panga panayankha pokha. Ndili ndi akazi awiri, bwana.

Anandiyang'ana kuyambira kunsapato. "Pa malipiro a kalaliki?" Analemba.

Lamulungu, 23 Okutobala

Kumwamba kuli nthabwala. A Ellard ndi Mkatolika. Galimoto yawo idafa, akudikira chitsulo chochokera ku Blantyre, ndiye lero si awo pa Misa, benchi yakutsogolo. Potuluka ndinayesa kuzemba kuseri kwa mtengo wa mango. Mochedwa. Anafika pa Janeth, ulemu wonse, dzanja lina litagwira chigongono: "Mwadzuka bwanji, mayi? Ndinu aakulu kapena aang'ono?"

Janeth ananyamuka, ine pambuyo. Kunyumba funso limodzi lokha: "Bambo a Annie, mkazi winayo ndi wa ku mahotela a ku Nkopola, eti?" Ndinaulula zonse, za lamulo la mawindo, za Che Bakali, za makomo. Sakukhulupirira. Akuti mwamuna sanganame bodza lopusa chonchi pachabe. Ndagona pa mkeka, msana ukundiuza zaka zanga.

Lachinayi, 10 Novembala

Amayi a mumphakati asiya kundipatsa moni. Katekisiti akuti ndiyambe ndadikira kulandira Ukalistia mpaka nkhani imveke. Sajeni yekha ndiye wayamba kundilemekeza, amandichitira sawasha pa msika.

Janeth anapita yekha kukafunsa kwa mayi Awa. Wabwerako ndi usipa m'chitenje ndi kuseka kosatha. Akandiona, kuseka. Ndikatsokomola, kuseka. Bola muja anakwiya.

Yankho la Sosayite lafika. Akana. Si za makomo ayi. Akuti munthu wa mabanja awiri, wotsala pang'ono kupuma, sangathe kubweza. Nditakhala wa banja limodzi akanandikananso, mphunzitsi uja ali ndi mkazi mmodzi. Komabe.

Ndinakakhala pa maziko anga mpaka mbuzi zinandizolowera. Ndikuopa. Mkaziyu wanditsata ku Nsanje, ku Mzimba, ku Ntchisi, akusesa makonde a boma, ine ndikumulonjeza lakelake. Maluwa amadzala m'zitini kuti tikamasamuka anyamule.

Lachisanu, 30 Disembala

Mvula. Makiyi a boma ndabweza, wolowamo anali ataima kale panja ndi matiresi. Katundu wathu pa ngolo, zitini za maluwa pamwamba.

Che Bakali adakhoma malata mwezi watha, ndalama za usipa. Koma mayi Ajira akana kulowa. Akuti sangamagone akumva mkazi mnzawo akutsokomola kuseri kwa khoma, atsala kwawo ku Chowe. Mbali yawoyo tapatsidwa ife, lendi yochepa. "Mpaka mudzamange yanu, inshallah." Che Bakali sanaseke ponena. Ine ndinayang'ana kumbali.

Pa zenera ndikuona maziko anga. Adzaza madzi, achule alowamo popanda ngongole. Janeth wapachika mtanda, wasesa khonde, zitini wandandalika, koma chimodzi wachotsamo duwa n'kulidzala pansi. Denga silikudontha.

Mayi Awa anabwera ndi tiyi ndi mandasi kudzatilonjera. Janeth anandiloza ndi tsache: "Mayi, mkazi mnzanu wamng'ono uja ndi ameneyu. Mumuphunzitse mwambo."

Kapu ndinalandira ndi manja awiri.